Rosemary wosanunkhira wa ku Chalala: chifukwa chake mpanda wanu ukufa m'dzinja

Funso: Ndimakhala ku Chalala, kuno ku Lusaka. Mu Novembala ndinagula mbande 24 kwa ogulitsa maluwa m'mphepete mwa msewu, amene anandiuza kuti ndi rosemary, ndipo ndinazibzala mumzere m'mbali mwa mpanda wa mabuloko. Zinagwira bwino, koma kuyambira kumapeto kwa Januwale zitsamba 7 zafota, masamba anayamba chikasu kenako n'kuuma, chonsecho mnyamata wosamalira pabwalo amazithirira m'mawa uliwonse. Masamba akenso sanunkhira ngati rosemary amene ndimathira m'nkhuku. Mnzanga akuti dzina lake ndi coast rosemary. Kodi ogulitsa aja anandinamiza? Nanga zotsalazi ndizipulumutsa bwanji? Ndine mayi wa ku Chalala.

Yankho: Mayi, mnzanuyo akunena zoona, ndipo ndifotokoza bwino za chitsambachi, koma ndiyambe ndi chimene sichingadikire mawa. Muuzeni mnyamatayo kuti aleke kuthirira lero lomwe. Malinga ndi zimene mwalemba, zitsamba zanu sizikufa ndi ludzu koma zikufa ndi madzi, ndipo chidebe chilichonse chimene chikuthiridwa pamenepo m'mwezi uno wa mvula chikufulumiza imfa ya 17 zotsalazo.

Chimene munabzala dzina lake la sayansi ndi Westringia fruticosa. Dzinali linaperekedwa pokumbukira Johan Peter Westring, dokotala wa ku Sweden amene ankaphunzira za ndere zomera pamiyala ndi pamitengo. Chitsambachi chili m'banja limodzi ndi rosemary weniweni, banja lotchedwa Lamiaceae, koma kwawo n'kosiyana kutalitali: rosemary wa kukhitchini anachokera kumaiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, pamene Westringia kwawo ndi kugombe la kum'mawa kwa Australia, makamaka m'chigawo cha New South Wales. Akakhala aang'ono m'machubu akuda a ku nazale amafanana kwambiri, moti sindifulumira kunena kuti ogulitsa aja anakunamizani mwadala, pakuti ambiri a iwo amangotchula dzina limene nawonso anauzidwa pamene ankatenga mbewuyo. Kuti mutsimikize nokha, thyolani kanthambi ndi kukayang'anitsitsa. Masamba a Westringia ndi aafupi, osapitirira masentimita 2, ndipo amamera anayianayi mozungulira tsinde ngati zala zogwira ndodo, pamene a rosemary weniweni ndi aataliko ndipo amamera awiriawiri moyang'anana. Mukatembenuza tsamba muona kuti kunsi kwake n'kotuwa ndi tiubweya tosalala, ndipo m'mphepete mwake mwapindikira pansi. Mukalifikisa pakati pa zala simumva fungo lija lodzaza m'khitchini. Maluwa ake ndi oyera kapena oyera mopitira ku pepo, okhala ndi timadontho pa mlomo wa m'munsi. Musachithire m'ndiwo, chifukwa ichi n'chokongoletsera pabwalo basi.

Kudziwa kwawo kwa chitsambachi ndiko kumasula vuto lanu lonse. Kumene chimamera chokha, monga m'magombe a kufupi ndi Sydney, chimakhala pamwamba pa matanthwe oyang'ana kunyanja, m'dothi losaya la mchenga, pamene mphepo yamchere imaomba usana ndi usiku. Mvula kumeneko imagwa ndithu, koma ikangogwa madzi amatsetsereka n'kupita, ndipo mizu imatsala ikupuma. Masamba aang'ono aja, opindika ndi aubweya, anapangidwira kusunga madzi, choncho chitsambachi chimamwa pang'ono kwambiri poyerekeza ndi maluwa ena amene tinazolowera. Mphepo, dzuwa, fumbi ndi chilala chimapirira popanda kudandaula. Chimene sichinaphunzire m'moyo wake wonse ndicho kuima m'matope.

Tsopano taganizani za kuno kwathu. Lusaka ali pamalo okwera pafupifupi mamita 1,280, ndipo mvula yake ya chaka chonse, yoposa pang'ono mamilimita 800 m'chaka chabwinobwino, imagwa pafupifupi yonse m'miyezi ya Novembala mpaka Malichi. Mbali yaikulu ya mzindawu, makamaka kum'mwera ndi kumadzulo, inakhala pa thanthwe la laimu, ndipo dziko lake ndi lathyathyathya, lopanda mitsinje yambiri yochotsa madzi. Inu a ku Chalala mukudziwa mmene khasu limalirira likakumana ndi mwala pamene simunakumbe n'komwe mpaka m'mawondo. Mvula ikalimbikira mu Januwale ndi Febuluwale madzi a pansi amakwera, ndipo n'chifukwa chake abale athu a ku Kanyama amavutika ndi kusefukira kwa madzi pafupifupi dzinja lililonse. Pabwalo panu mwina simuona chithaphwi, koma pansi pa mzere umene munabzalawo dothi likhoza kukhala lokhuta madzi kwa milungu ingapo. Ndipo m'mbali mwa mpanda wa mabuloko ndiye poipa kwambiri, chifukwa madzi onse otsika pa malata ndi oyenda pa simenti ya pabwalo amathamangira komweko, khoma n'kuwatchinga kuti asatuluke.

Mizu imapuma monga mmene ife timapumira. M'dothi labwino muli timipata ta mpweya, koma madzi akadzaza timipatato kwa masiku angapo, timizu tating'ono timene timayamwa madzi timabanika n'kufa. Pamenepo tizilombo tooletsa mizu, monga Phytophthora, timene mbewu zake zimasambira m'madzi a m'dothi kuchoka pa chitsamba china kupita pa china, timapeza khomo lotsegula. Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonekera, ndipo mnyamata wanuyo musamudzudzule, chifukwa anachita chimene maso anamuuza. Chitsamba chimene mizu yake yaola sichingathe kumwa, choncho chimafota ndendende ngati chimene chili ndi ludzu, ndipo munthu wachifundo akachiona amathamangira paipi.

Musangokhulupirira mawu anga, pitani mukazule chimodzi mwa zakufazo. Chikazuka mosavuta ngati sichinagwirepo, chimenecho n'chizindikiro choyamba. Tsukani mizuyo m'beseni. Mizu yamoyo imakhala yoyererako ndi yolimba, koma yoola imakhala yofiirira kapena yakuda, yofewa, ndipo mukaikoka pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala khungu lake limavuka, n'kutsala kaulusi kowonda pakati. Nunkhizaninso dothi la m'dzenjemo, pakuti dothi lobanika limanunkha chithaphwi. Kenako pa zitsamba zimene zikadali zobiriwira, palani khungwa pang'ono ndi chikhadabo, pamene tsinde likulowa m'nthaka. Mukapeza mkati mwake muli mobiriwira, chiyembekezo chilipo. Mukapeza mwada mozungulira tsinde lonse, chimenecho chapita ngakhale masamba ake akuonekabe amoyo. Ngati mizu muipeza yoyera koma tsinde lajiwa ndipo lakutidwa ndi dothi, ndiye kuti wolakwa ndi chiswe, ngakhale kuti kawirikawiri chiswe chimabwera kudzamaliza chimene chinafooka kale.

Ine phunziro limeneli ndinalilipira ndi mpanda wathunthu pa munda wina ku Makeni, ndili wamng'ono pa ntchitoyi. Dothi la pamenepo linali lomata, ndiye pofuna kuchitira zabwino mbandezo ndinakumba maenje akuya n'kuwadzaza ndi dothi lakuda logula pa lole, losakaniza ndi manyowa ambiri. Sindinazindikire kuti dzenje lokumbidwa m'dothi lomata n'kudzazidwa ndi dothi lofewa limasanduka mtsuko wosaboola pansi. Mvula ya Febuluwale itabwera, dzenje lililonse linasunga madzi ake, ndipo nditazula chitsamba choyamba, madzi anatsala akunyezimira m'dzenjemo. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa mwini munda anandikhulupirira, ndipo kuyambira pamenepo sindinabzalenso Westringia pamalo athyathyathya kuno ku Lusaka. Ndikukayikira kuti nanunso munabzala chimodzimodzi, poti ndi mmene pafupifupi aliyense amabzalira maluwa mumzinda muno.

Zotsalazo zithandizeni motere. Zakufa zonse zizuleni pamodzi ndi dothi lozungulira mizu yake, ndipo musaziponye pa mulu wa manyowa koma muzitenthe kapena kuzitaya kutali ndi dimba. Mvula ikamagwa tulukani ndi ambulera mukaone nokha kumene madzi akuyenda, chifukwa mphindi 10 zoimirira pamvula zidzakuphunzitsani zambiri kuposa mlangizi aliyense. Kumbani kangalande kosaya kutsogolo kwa mzerewo kuti kapatutse madziwo, ndipo ngati m'munsi mwa khoma muli mabowo otulutsira madzi, atseguleni poti nthawi zambiri amatsekeka ndi zinyalala. Fukulani ndi manja dothi limene lakwirira tsinde mpaka muone pamene mizu yoyamba ikuyambira, kuti khosi la chitsamba lizipitidwa mphepo. Feteleza musathire ngakhale pang'ono pofuna kuchitsitsimutsa, chifukwa mizu yovulala imapsa nayo. Mankhwala opopera masamba nawonso musatayirepo ndalama, pakuti matenda ali pansi, ndipo palibe mankhwala amene angagwire ntchito madzi akadali odikha pamizu. Ndikuuzeni mosabisa kuti mwina zina ziwiri kapena zitatu zidzafabe, chifukwa kuola kukafika patsinde sikubwerera.

Pobzalanso m'mipata imene yatsala, dikirani mvula ithe. Anthu ambiri amabzala chilichonse ndi mvula yoyamba monga timachitira ndi chimanga, koma kwa chitsamba ichi ine ndimasankha kumapeto kwa Malichi kapena mu Epulo, nthaka ikadali yofunda ndi yachinyontho koma mvula yamphamvu itapita. Chikatero chimakhala ndi miyezi 7 kapena 8 yozika mizu dzinja lotsatira lisanachiyese. Musanabzale yesani malowo: kumbani dzenje lakuya masentimita 30, lidzazeni madzi, akaphwa lidzazeninso. Madzi achiwiriwo akaphwa m'maola ochepa, malowo ndi abwino, koma mukawapeza m'mawa mwake akadalimo, pamenepo pamafunika mtumbira. Kunena zoona, ku Chalala ine ndingaunde mtumbira ngakhale osayesa. Ukhale wotalika masentimita 25 mpaka 30 ndi wotambalala masentimita 60 kapena kuposerapo, monga mitumbira ya mbatata imene amayi athu amaunda kumudzi, wopangidwa ndi dothi la pamalopo losakaniza bwino ndi mchenga wokhakhala wa kumtsinje ndi manyowa ochepa owolerana. Mchenga wosalala wopakira pulasitala musaugwiritse ntchito, chifukwa ukasakanikirana ndi dothi lomata umalimba ngati njerwa. Pamene munazula zoola, dothi lakalelo lichotseni ndithu ndi kuikapo lina.

Mzerewo utalikirane ndi khoma masentimita 60 kapena kuposa, ndipo ukhale poti dzuwa limafika kwa theka la tsiku kapena kupitirira, pakuti pamthunzi chitsambachi chimatalika mowonda, masamba n'kukhala apatalipatali, maluwa n'kuchepa. Ngati mukufuna mpanda wothithikana, siyani masentimita 60 mpaka 80 pakati pa mbande. Ngati mukufuna chimodzi choima pachokha, chipatseni malo okwanira, chifukwa chikasiyidwa osadulidwa chimafika mamita 2 kutalika ndipo m'lifupi chimatambalala kuposa pamenepo. Pong'amba chubu yang'anani mizu. Mbande zokhalitsa ku nazale zimakhala ndi mizu yozungulirazungulira pansi ngati nkhata, ndipo imeneyo muimasule ndi zala mofatsa, apo ayi idzapitiriza kuzungulira mpaka kudzipotokola yokha. Bzalani mwakuti dothi la m'chubu lilingane ndi pamwamba pa mtumbira, osazamitsa ngakhale ndi chala chimodzi.

Kathiriridwe n'kosavuta, koma kamafuna kudziletsa. Milungu 4 yoyambirira thirirani kawiri pa mlungu, madzi okwanira kulowa pansi, osati kungowaza pamwamba. Ikatha imeneyo, kamodzi pa mlungu n'kokwanira mpaka chaka chithe. Chikakhazikika, m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi chimatha milungu itatu osamwa, ndipo ngakhale pa kutentha kwa Okutobala kamodzi pa milungu iwiri kamachikwanira pa dothi lambiri la kuno. M'dzinja musathirire konse, pokhapokha ng'amba italika. Mnyamatayo mumuphunzitse kulowetsa chala m'dothi mpaka pa mfundo yachiwiri asanatsegule mpopi: akamva chinyontho adutse. Ngati kapinga wanu amathiriridwa tsiku ndi tsiku, onetsetsani kuti madzi ake sakufika pa mtumbirawo. Apa ndi pamene ine ndimachikondera chitsambachi. M'chilala cha 2024, magetsi akuzima maola ambiri chifukwa cha kuchepa kwa madzi ku Kariba, mapampu a m'zitsime atangoti zii, ndinaona kapinga ndi maluwa ambiri zikuuma m'mayadi amene ndimayendera, koma mipanda ya Westringia yokhwima inangotuwa pang'ono n'kudikira mvula.

Za chakudya sindichulutsa mawu, chifukwa chitsambachi chinazolowera dothi losauka. Manyowa owolerana odzaza manja awiri pa chitsamba chilichonse kamodzi pa chaka, cha mu Seputembala, n'ngokwanira. Urea ndi zitosi za nkhuku zosawola zimachikulitsa mofulumira ndi nthambi zanthete zimene zimagwa ndi mvula, ndipo feteleza wa Compound D musungireni chimanga ndi ndiwo zamasamba. Popeza madzi a m'zitsime za kuno ali ndi laimu wambiri, monga mukuonera zoyera zija zimene zimamatirira m'ketulo, nthawi zina masamba a kunsonga amachita chikasu pamene a m'munsi ali bwinobwino. Kumeneko ndi kusowa kwa ayironi, mchere wa m'nthaka umene mizu imalephera kuyamwa laimu akachuluka, ndipo kumathandizika ndi manyowa a masamba, madzi a mvula osungidwa m'mgolo, kapena ayironi wothira m'madzi amene amagulitsidwa m'masitolo a zaulimi. Kuphimbira nthaka n'kwabwino m'chilimwe, koma udzu wouma umaitana chiswe, choncho ine ndimakonda timiyala tophwanya, timene kwanuko sitisowa, ndipo chilichonse chimene mwaphimbira chisakhudze tsinde.

Kudulira ndiko kumasiyanitsa mpanda wokongola ndi chitsamba chongoti nyankhalala, ndipo cholakwa chachikulu ndicho kudikira kuti chiyambe chakula. Yambani chikadali chaching'ono. Pakatha mwezi umodzi kapena iwiri chibzalidwire, tsinani nsonga za nthambi ndi zala, chifukwa nsonga iliyonse yotsinidwa imatulutsa nthambi zingapo m'munsi mwake, ndipo mpanda umathithikana kuyambira pansi. Chikakula, chimeteni pang'onopang'ono katatu kapena kanayi pa chaka ndi sizasi yakuthwa, osati chikwanje, ndipo nthawi iliyonse musachotse zoposa gawo limodzi mwa magawo atatu a nthambi zobiriwira. Mukapatula nthambi ndi manja n'kusuzumira mkati, muona kuti masamba ali kunja kokha, mkatimo muli timitengo totuwa topanda tsamba. Mukadula mpaka kufika pa timitengo timeneto, kuphukanso kwake n'kosadalirika, ndipo mukhoza kutsala ndi chibowo chimene chidzatenga chaka kuti chitsekeke, mwinanso osatsekeka. Mpandawo muumete mwakuti pansi pakhale potambalala kuposa pamwamba, kuti dzuwa lizifika ku nthambi za m'munsi, apo ayi udzavula masamba kumiyendo. Musamete pakati pa mvula ya masiku ambiri, ndiponso musamete kwambiri mu Juni ngati muli kumalo otsika kumene chisanu chimagwa, chifukwa ngakhale chitsamba chokhwima chimapirira chisanu chochepa, mphukira zanthete zimapsa. Dziwaninso kuti kumeta kawirikawiri kumachepetsa maluwa. Ine ndimasiya chimodzi kapena ziwiri pakona osazimeta kwambiri, chifukwa zimachita maluwa pafupifupi chaka chonse ndipo njuchi sizichokapo m'miyezi imene maluwa ena asowa.

Mukapita kukagula zina, mukhoza kukumana ndi mitundu yosiyana. Wynyabbie Gem ali ndi maluwa a pepo ndipo amakula msanga, Morning Light ndi Smokey ali ndi masamba a mphepete zoyera ndipo amakula pang'onopang'ono, pamene Mundi ndi Grey Box ndi aafupi, oyenera m'mbali mwa njira. Poti ogulitsa ambiri salemba maina, tengani kanthambi ka kwanu mukafananize, kuti mpanda usadzakhale wa mitundu iwiri yokula mosiyana.

Koma njira imene ndingakulangizeni kwambiri ndiyo kudzaza mipata 7 ija ndi ana a zitsamba zanu zomwe, chifukwa Westringia amamera mosavuta kuchokera ku nthambi. Mu Malichi kapena Epulo sankhani chitsamba chathanzi kwambiri, chimene chili kutali ndi pamene zinafa zija, ndipo m'mawa dzuwa lisanatenthe dulani nsonga zotalika masentimita 8 mpaka 10, zimene zayamba kulimba koma zisanasanduke mtengo. Pululani masamba a theka la m'munsi, zibayeni mu mchenga wa kumtsinje wotsuka, m'chitini kapena m'beseni lakale loboola pansi, ndipo muziike pamthunzi wowala, monga pakhonde la kum'mawa. Mchengawo ukhale wonyowa koma osati wodontha. Dulani 20 ngakhale mukufuna 7, poti sizigwira zonse. Pakatha milungu 6 mpaka 8 kokani kamodzi mofatsa, ndipo kakakana kutuluka ndiye kuti mizu yayamba, ngakhale kuti kuzizira kukabwera msanga zimachedwerako. Zisamutsireni m'machubu, muzitsine nsonga, ndipo pofika kumapeto kwa Ogasiti, kuzizira kutatha, zidzakhala zokonzeka kukwera pa mtumbira umene mudzakhale mutaunda kale. Zimenezi zidzakhala ndi miyezi yochepa yozika mizu mvula isanabwere, choncho kwa izo mtumbira ndi ngalande zija musanyalanyaze.

Kunena za nkhuku yanu, gulani rosemary weniweni mmodzi, mutayamba mwafikisa tsamba lake ndi kulinunkhiza pamaso pa wogulitsa, ndipo mumubzale mumphika wadothi woboola pansi pafupi ndi khomo la kukhitchini, pamene dzuwa limawomba. Nayenso amadana ndi madzi odikha mofanana ndi mnzakeyu, choncho Januwale akafika, mphikawo muukokere pansi pa denga la khonde.